Kamera Imodzi, Ntchito Ziwiri: Kutola Chithunzi ndi Kujambula Vidiyo

Pafupifupi kamera iliyonse yamakono ili ndi mabatani awiri ojambulira: lalikulu lotolera zithunzi, ndi kena kakang'ono kofiira ka vidiyo. Poona kuti onse ali pa makina amodzi, ambiri amaganiza kuti wodziwa kutola zithunzi wadziwa kale kujambula vidiyo. Sizili choncho. Lenzi ndi yomweyo, sensa ndi yomweyo, koma zomwe mukuipempha kamerayo n'zosiyana. Chithunzi chimaima pachokha, ndipo chikaoneka bwino nkhani yatha. Vidiyo ndi zithunzi 24 kapena kuposerapo pa sekondi iliyonse, ndipo chilichonse chiyenera kugwirizana ndi chinzake cham'mbuyo ndi cham'tsogolo pa kuwala, pa mtundu ndi pa fokasi. N'chifukwa chake zinthu zambiri zomwe wotola zithunzi amasintha mmene wafunira, wojambula vidiyo amazikhoma kuti zisasunthe.

Ntchito ziwirizi zakumana posachedwapa. Kamera yoyamba ya digito, yomwe Steven Sasson anapanga ku kampani ya Kodak mu 1975, inkatenga masekondi 23 kuti ilembe chithunzi chimodzi chopanda mitundu pa kaseti. Mu 2008 ndi pomwe Nikon D90 inakhala kamera yoyamba ya mtundu wa DSLR (yosintha malenzi, yokhala ndi kalilole mkati) yojambula vidiyo, ndipo chaka chomwecho Canon EOS 5D Mark II inabweretsa vidiyo ya Full HD pa sensa yaikulu. Makamera amenewa anapangidwira zithunzi, vidiyo inangowonjezeredwa pamwamba. Mavuto ambiri omwe ojambula amakumana nawo mpaka lero, monga kutentha, mawu osamveka bwino ndi mizere yopindika, gwero lake ndi limeneli.

Zomwe sensa imaona ndi zomwe imataya

Sensa ndi kambale kamagetsi komwe kali kuseri kwa lenzi, pamalo pomwe kale pankakhala filimu. Kukula kwake kumakhudza zambiri kuposa chiwerengero cha mamegapikiselo (mamiliyoni a timadontho topanga chithunzi) chomwe ogulitsa amakonda kutchula. Sensa ya full frame ndi mamilimita 36 m'litali ndi 24 m'lifupi. Ya APS-C ndi pafupifupi 23.5 ndi 15.6 pa makamera a Nikon, Sony ndi Fujifilm, pomwe ya Canon ndi yocheperako pang'ono. Ya Micro Four Thirds, yomwe anayambitsa a Panasonic ndi Olympus, ndi 17.3 ndi 13. Sensa yaing'ono imaona pakati pokha pa zomwe lenzi yabweretsa, moti lenzi ya 50mm ikaikidwa pa APS-C imaonetsa dera lofanana ndi la 75mm pa full frame, ndipo pa Micro Four Thirds imakhala ngati ya 100mm.

Sensa yaikulu imasonkhanitsa kuwala kochuluka, choncho imapirira mdima, komanso imachititsa mosavuta kuti zakumbuyo kwa munthu zikhale chimbuuzi. Pa chithunzi cha nkhope zimenezi n'zokongola. Pa vidiyo chimbuuzi chomwechi chimavutitsa, chifukwa wolankhula akangoweramira kutsogolo masentimita ochepa, maso ake achoka kale mu fokasi.

Kamera ya mamegapikiselo 24 imatola chithunzi cha timadontho 6000 m'litali ndi 4000 m'lifupi. Vidiyo ya 4K ndi 3840 ndi 2160, omwe ndi mamegapikiselo 8.3 okha, ndipo Full HD, 1920 ndi 1080, imangopitirira pang'ono mamegapikiselo awiri. Ndiye pojambula vidiyo kamera iyenera kuchepetsa zomwe sensa ikupereka, ndipo njira yomwe imagwiritsa ntchito ndi yomwe imasiyanitsa makamera. Ena amawerenga sensa yonse kenako n'kuchepetsa mosamala. Vidiyo yake imaoneka kuti ngwee, koma makina amagwira ntchito yaikulu ndipo amatentha. Ena amadumpha mizere kapena kuphatikiza mapikiselo oyandikana, ndipo zotsatira zake ndi mafunde amitundumitundu omwe amavina pa malaya amizeremizere, pa njerwa ndi pa madenga. Enanso amangodula pakati pa sensa, moti lenzi yanu yotambalala imasanduka yopanikiza mukangodina batani lofiira. Makamera ambiri amadula chonchi mukasankha 4K ya zithunzi 50 kapena 60 pa sekondi. Yesani zimenezi tsiku lojambula lisanafike, chifukwa m'chipinda chaching'ono mulibe malo obwerera m'mbuyo.

Shutter ndiye pagona nkhani

Kuwala kwa chithunzi kumadalira zinthu zitatu. Aperture ndi chibowo cha mkati mwa lenzi, ndipo manambala ake amayenda motere: f/1.4, f/2, f/2.8, f/4, f/5.6, f/8, f/11, f/16, f/22. Nambala ikamakula chibowo chimachepa, ndipo sitepe iliyonse imadula kuwala ndi theka. Shutter ndi nthawi yomwe sensa imaloledwa kulandira kuwala. ISO ndi mlingo womwe kamera imakuzira zomwe sensa yalandira, ndipo ikakwera kwambiri chithunzi chimadzaza timadontho, makamaka m'malo amdima. Kuchoka pa 1/100 kupita pa 1/50 ndi sitepe imodzi, kuchoka pa ISO 200 kupita pa 400 ndi sitepe imodzinso, choncho zomwe mwachotsa kumodzi mutha kuzibwezera kwina.

Wotola zithunzi ali ndi ufulu pa zitatu zonsezi. Wothamanga pa bwalo amafuna 1/1000, mwana amene akusewera 1/500, munthu amene wangoima 1/125, ndipo madzi a mathithi amaoneka osalala mukawapatsa theka la sekondi kamera ili pa traipodi. Mukagwira kamera m'manja, shutter isachedwe kuposa nambala ya lenzi: ya 200mm pa full frame imafuna 1/200 kapena yofulumira kuposa apo. Zipangizo zoletsa kugwedera, kaya zili mu lenzi kapena pa sensa, zimakulolani kutsika masitepe angapo, koma zimangokonza kunjenjemera kwa manja anu. Munthu amene akuyenda saima chifukwa cha izo.

Pa vidiyo ufulu umenewu kulibe. Mlingo womwe ojambula amatsatira ndi woti nambala ya shutter ikhale kawiri chiwerengero cha zithunzi pa sekondi: pa 25 ikani 1/50, pa 30 ikani 1/60, pa 50 ikani 1/100, ndipo pa 24 ikani 1/48 kapena 1/50 ngati kamera ilibe 1/48. Amautcha mlingo wa madigiri 180, dzina lochokera ku makamera a filimu omwe anali ndi chitsulo chozungulira chotsekula theka la nthawi ndi kutseka theka linalo. Chifukwa chake n'chakuti chithunzi chilichonse mu vidiyo chiyenera kukhala ndi kachimbuuzi pang'ono pa zinthu zoyenda. Kachimbuuzi kameneka ndi komwe kamalumikiza chithunzi ndi chinzake m'maso mwa woonera. Mukajambula pa 1/1000, chithunzi chilichonse pachokha chimaoneka bwino, koma vidiyo ikamasewera dzanja la wolankhula limadumphadumpha ndipo galimoto imayenda modukiza. Sikuti n'zoletsedwa, ena amachita dala pofuna kuonetsa chipwirikiti, koma zikhale zosankha osati zongochitika.

Shutter ikakhomedwa pa 1/50, dzuwa limasanduka vuto. Masana kunja kuli ngwee, ISO ili pa 100 ndipo shutter pa 1/100, aperture yoyenera imakhala pafupifupi f/16. Pa 1/50 kuwala kwawirikiza, ndiye mufunika f/22. Apa pali zovuta ziwiri: chibowo chaching'ono chotere chimamwaza kuwala moti chithunzi chonse chimafewa, komanso fumbi lililonse la pa sensa limaonekera ngati kadontho kakuda. Ngati mukufuna f/2.8 kuti munthu apatuke ndi zakumbuyo kwake, muyenera kuchotsa masitepe 6 a kuwala, ndipo shutter simungaikhudze. Ntchito imeneyi ndi ya fyuluta ya ND, galasi lodera lomwe limamangidwa kutsogolo kwa lenzi. ND8 imachotsa masitepe atatu, ND64 imachotsa 6, ND1000 imachotsa pafupifupi 10. Kwa wojambula vidiyo panja, fyuluta imeneyi ndi yofunika kuposa lenzi yachiwiri.

Pali ND yosinthasintha yomwe mumaipotokola kuti idere kapena iwale. Ndi yothandiza mitambo ikamadutsa, koma mukaipotokola mpaka kumapeto imalemba chithunzithunzi chakuda chooneka ngati X pakati pa vidiyo, makamaka pa lenzi yotambalala. Zotsika mtengo zimasinthanso mtundu, khungu n'kuoneka lobiriwira kapena lachikasu. Gulani imodzi yabwino yolingana ndi lenzi yanu yaikulu kukamwa, mwachitsanzo ya 77mm, ndipo malenzi ang'onoang'ono muziwalumikiza ndi mphete zokuzira. Kukula kwa kamwa la lenzi kumalembedwa pafupi ndi chizindikiro cha ø.

M'nyumba vuto limakhala lina. Mababu ambiri samawala mosalekeza, amaphethira motsatira magetsi. Komwe magetsi ndi a 50Hz, monga ku Africa, ku Ulaya ndi mbali yaikulu ya Asia, amaphethira ka 100 pa sekondi. Komwe ndi a 60Hz, monga ku North America, amaphethira ka 120. Maso athu saona zimenezi koma kamera imaona, ndipo vidiyo imatuluka ikuthwanima kapena ili ndi mizere yakuda yoyenda. Pa magetsi a 50Hz jambulani pa 25 kapena 50 ndi shutter ya 1/50 kapena 1/100. Pa a 60Hz jambulani pa 30 kapena 60 ndi 1/60 kapena 1/120. Ngati kamera yanu sikuonetsa 25, fufuzani pomwe palembedwa PAL ndi NTSC, musankhe PAL. Makamera ena amapempha kufufuta khadi mukasintha zimenezi, ndiye yambani mwakopera zonse. Nyali zina za LED, makamaka zikachepetsedwa mphamvu, zimaphethira pa liwiro lawolawo. Apo palibe nambala yoloweza: yang'anani pa sikirini uku mukusintha shutter pang'onopang'ono mpaka mizere ithe. Zithunzi nazo zimagwidwa ndi mizere yomweyi mukagwiritsa ntchito shutter yamagetsi yosamveka phokoso. Bwererani ku shutter yamakina ndipo nthawi zambiri vutolo limatha.

Vidiyo yoyenda pang'onopang'ono imachokera pa kujambula zithunzi zambiri n'kuzisewera pa liwiro wamba. Zithunzi 50 pa sekondi zikaseweredwa pa 25, zinthu zimayenda theka la liwiro lake. Kuchedwetsa vidiyo yojambulidwa pa 25 kumangotulutsa zodukaduka, popeza zithunzi zodzazira mipata kulibe.

Kusiyira kamera kuti isankhe yokha kuwala kulibe vuto pa zithunzi, ndipo akatswiri ambiri amasankha aperture yokha n'kuisiyira kamera zotsalazo. Pa vidiyo, munthu wovala zoyera akangodutsa, kamera imachita mdima kenako n'kuwalanso, woonera aliyense n'kuzindikira. Ikani pa M, pomwe mumasankha zonse ndi manja, ndipo mukhome zonse zitatu: aperture, shutter ndi ISO. Pokhapo pomwe ISO yodzisintha yokha imathandiza ndi pamene mukutsatira munthu kuchokera panja kulowa m'nyumba osadula. Musakhulupirire maso anu pa sikirini, chifukwa padzuwa imaoneka yakuda ndipo usiku imaoneka yowala kuposa mmene zilili. Yatsani histogram (tchati choonetsa kuchuluka kwa malo owala ndi amdima) ndi mizere ya zebra, yomwe imaonetsa malo omwe awala mpaka kutaya zonse. Malo oterowo sabwezeka pa kompyuta.

Dziwaninso kuti choyezera kuwala cha mu kamera chimayesetsa kuti chilichonse chikhale chotuwa pakatikati. Munthu wakhungu lakuda amene wavala malaya oyera ndipo waima kutsogolo kwa zenera amaisokoneza kotheratu: kamera imateteza malaya ndi zenera, nkhope n'kumira mumdima. Kukweza ISO sikuthetsa vutoli, kumangopsereza zoyerazo. Mutembenuzeni munthuyo kuti kuwala kwa pazenera kugwere pankhope chapambali, kapena bwezerani kuwala ndi chinsalu choyera. Nyali ikakhala yaikulu ndiponso pafupi, mithunzi imafewa. Mukaisunthira kutali kawiri, kuwala kofika pankhope kumatsala gawo limodzi mwa magawo anayi, omwe ndi masitepe awiri. Fulashi ndi ya zithunzi zokha, ndipo pa makamera ambiri imagwirizana ndi shutter mpaka 1/200 kapena 1/250. Mukapitirira apo mbali ina ya chithunzi imada. Vidiyo imafuna nyali yoyaka mosalekeza.

Kuyendetsa kamera ndi fokasi

Masensa ambiri sawerenga chithunzi chonse nthawi imodzi. Amayamba mzere wapamwamba n'kumatsika, ndipo pofika pansi zinthu zasuntha kale. Mukatembenuza kamera mofulumira, mizati ndi nyumba zimapendama, ndipo mukaigwedeza ndi lenzi yaitali chithunzi chonse chimatekeseka. Vutoli amalitcha rolling shutter. Makamera ochepa, monga Sony a9 III, ali ndi sensa yowerenga zonse nthawi imodzi, koma kwa ena tonse mankhwala ake ndi kudekha. Potembenuza kamera, chinthu chizitenga masekondi pafupifupi 7 kuchoka mbali imodzi ya sikirini kufika mbali inayo. Traipodi ya zithunzi imangofunika kugwira nji, pomwe ya vidiyo imafuna mutu wokhala ndi mafuta mkati kuti kuyamba ndi kuima kukhale kosalala. Kamera ikakhala pa traipodi zimitsani zoletsa kugwedera, chifukwa zina zimalimbana ndi kutembenuza kwanu ndipo chithunzi chimatsalira kenako n'kulumpha.

Pa chithunzi fokasi imafunika kulondola pa kanthawi kamodzi, ndipo njira yomwe yadutsa pokafika pamenepo palibe amene amaiona. Pa vidiyo njira yonseyo imajambulidwa. Makamera omwe amadalira contrast detection, njira yopezera fokasi poyesa pomwe chithunzi chaoneka ngwee kwambiri, amasakasaka, kupita kutsogolo ndi kubwerera, ndipo zakumbuyo zimaoneka ngati zikupuma. Omwe ali ndi njira ina yotchedwa phase detection amadziwa mbali yoyenera kupita ndipo amatsatira diso la munthu bwino. Ngakhale zili choncho, chepetsani liwiro la fokasi ndi changu chake chosinthira pa munthu wina, apo ayi aliyense wodutsa kutsogolo adzaiba fokasi. Pojambula munthu wokhala pampando, njira yodalirika ndi yamanja: kuzani chithunzi pa sikirini, lunjikani pa diso, tsekani aperture kufika f/4 kapena f/5.6 kuti akhale ndi mpata wosuntha, kenako musakhudzenso.

Mtundu: zomwe mungakonze pambuyo ndi zomwe simungakonze

Wotola zithunzi ali ndi pothawira potchedwa RAW. Fayilo imeneyi imasunga zonse zomwe sensa yaona, pa ma bit 12 kapena 14, ndipo pa kamera ya mamegapikiselo 24 imalemera pakati pa 25 ndi 50 MB. Mtundu ukalakwika mumaukonza pa kompyuta osataya kanthu. Vidiyo ya makamera ambiri ili ngati JPEG: kamera yasankha kale mtundu, yapanikiza fayilo ndipo yataya zotsala. Choncho white balance, makonzedwe ochititsa kuti choyera chioneke choyera, iyenera kulondola pojambula pomwepo, ndipo isakhale yodzisintha yokha, chifukwa khoma lomwelo lidzakhala loyera pachiyambi n'kusanduka lachikasu pakati pa chiganizo. Mtundu wa kuwala umayezedwa mu K (kelvin): kuwala kwa dzuwa masana ndi pafupifupi 5500K, mababu akale aulusi ndi pafupifupi 3200K, ndipo pamthunzi nambala imakwera kufika cha m'ma 7000K. Njira yolondola kwambiri ndi kuyezera pa khadi lotuwa kapena pepala loyera loikidwa pomwe pali nkhope. Chovuta kukonza ndi kusakaniza: zenera mbali ino, babu lachikasu mbali inayo. Zimitsani chimodzi.

Vidiyo ya 8-bit ili ndi milingo 256 pa mtundu uliwonse mwa itatu (wofiira, wobiriwira ndi wabuluu), pomwe ya 10-bit ili ndi 1024. Kusiyanaku kumaonekera pa thambo ndi pa makoma osalala, pomwe 8-bit ikakokedwa kwambiri imasweka n'kukhala mizeremizere. Apa ndi pomwe ambiri amagwa ndi Log. Makampani ali ndi mayina awo, S-Log ya Sony, C-Log ya Canon, V-Log ya Panasonic, N-Log ya Nikon, F-Log ya Fujifilm, koma cholinga n'chimodzi: kusunga zambiri m'malo owala ndi amdima pojambula chithunzi chotumbuluka chomwe chidzakonzedwe pambuyo. Log ndi yabwino ngati kamera ikujambula 10-bit, ngati mukudziwa kuyeza kuwala kwake, ndiponso ngati muli ndi nthawi yokonza mitundu. Chimodzi mwa izi chikasowa, mtundu wamba wa kamera umapereka zotsatira zabwino kuposa Log yosakonzedwa bwino. Kumbukiraninso kuti Log imayambira pa ISO yokwera, nthawi zambiri 640 kapena 800, ndiye panja mudzafunika ND yoderapo.

Khadi, kutentha ndi batire

Kamera imatchula kulemera kwa vidiyo mu ma megabit, pomwe khadi limalembedwa mu ma megabyte, ndipo byte imodzi ndi ma bit 8. Vidiyo ya 100 Mbps (ma megabit 100 pa sekondi) ndi 12.5 MB pa sekondi, 750 MB pa mphindi, 45 GB pa ola. Khadi la 64 GB silifika ola ndi theka. Nambala yaikulu yolembedwa pakhadi, monga 170 MB/s, kawirikawiri ndi liwiro lowerengera, ndipo pojambula ilibe ntchito. Yang'anani chilembo cha V: V30 imalonjeza kulemba 30 MB pa sekondi mosadukiza, V60 imalonjeza 60, V90 imalonjeza 90. Vidiyo ya 100 Mbps imakwana pa V30, koma ya 400 Mbps ndi 50 MB pa sekondi ndipo imafuna V60. Khadi likalephera, kamera imangosiya kujambula pakati. Makhadi achinyengo nawonso ndi ambiri, ena amanama ngakhale kukula kwake, ndiye khadi latsopano lidzazeni lonse poyesa musanalidalire. Makhadi a 32 GB kutsika pansi amadula vidiyo m'zidutswa za 4 GB. Palibe chomwe chatayika, mumangozilumikiza pokonza.

Pa njira zopanikizira fayilo ya vidiyo, H.265 imapanikiza bwino kuposa H.264 koma imalemetsa kompyuta yakale pokonza. Ngati vidiyo ikukakamira, si kuti fayilo yawonongeka. Pangani makope opepuka okonzera, omwe mapulogalamu amawatcha proxy.

Makamera ambiri akale amasiya kujambula pa mphindi 29 ndi masekondi 59. Malire amenewa sanabwere chifukwa cha makina, koma chifukwa cha msonkho womwe mayiko a European Union ankaika pa makamera a vidiyo. Atsopano ambiri alibe malirewa, koma kutentha kulipobe, popeza thupi laling'ono lotsekedwa kuti fumbi lisalowe silitulutsanso kutentha msanga. Tsekulani sikirini italikirane ndi thupi la kamera, ikani kamera pamthunzi, izimitseni podikira, ndipo pa mwambo wautali sankhani 4K ya 25 kapena Full HD m'malo mwa 4K ya 50. Batire lomwe limatola zithunzi mazanamazana limatha mu ola limodzi kapena awiri pa vidiyo. Musadikire kuti lithe lokha: kamera ikazima ili mkati mojambula, fayilo yonse ikhoza kukana kutseguka chifukwa kamera imamaliza kuilemba mukadina batani loimitsa. Pa ntchito yaitali gwiritsani ntchito magetsi a USB-C ngati kamera imalola, kapena batire lachingwe lolumikiza kukhoma.

Mawu

Gawo ili wotola zithunzi sanaliganizirepo, koma ndi lomwe limagwetsa mavidiyo ambiri. Anthu amapirira chithunzi chosaoneka bwino ngati akumva zomwe zikunenedwa, koma mawu akakhala osamveka amachoka. Maikolofoni ya m'kamera imamva kwambiri zomwe zili pafupi nayo: manja anu, mota ya lenzi, kupuma kwanu. Chomwe chimakonza mawu ndi kuyandikira, osati kukwera mtengo kwa chipangizo. Maikolofoni yaing'ono yapachifuwa ikhale masentimita 15 mpaka 20 pansi pa chibwano, posakhudzana ndi nsalu kapena mkanda. Yaitali yolozera ikhale pamwamba pa wolankhula, kunja pang'ono kwa chithunzi, isanapitirire mita imodzi. Ikakhala pamwamba pa kamera mamita anayi kutali, imatola chipinda chonse.

Zimitsani mlingo wa mawu wodzisintha wokha, chifukwa munthu akangokhala chete kamera imakweza mphamvu ndipo mumamva phokoso la "sss". Ikani pamanja kuti mawu okwera azifika cha pa -12 dB. Akagunda 0 amasweka ndipo sakonzeka. Jambulani pa 48 kHz, womwe ndi mlingo wa vidiyo. Panja siponji yokha siletsa mphepo, pamafunika chophimba chaubweya. Valani mahedifoni nthawi yonse, popeza timizere ta pa sikirini timangoonetsa kuti phokoso lilipo, sitinena ngati ndi mawu a munthu kapena kulira kwa firiji. Ngati mawu akujambulidwa pa chipangizo china, ombani m'manja kamodzi kutsogolo kwa kamera poyamba kuti mudzapeze polumikizira. Pomaliza jambulani masekondi 30 a chipinda chili zii, adzakuthandizani kutseka mipata podula.

Pamene ntchito zonse ziwiri zikufunika tsiku limodzi

Ena amati angojambula 4K n'kudzatengamo zithunzi. Mamegapikiselo 8 ndi okwanira pa intaneti, koma chithunzi chojambulidwa pa 1/50 chimakhala ndi chimbuuzi paliponse pomwe panali kuyenda, ndiponso n'chopanikizidwa kale. Mukakweza shutter kuti zithunzi zikhale bwino, vidiyo ndi yomwe imawonongeka. Ndi bwino kusankhiratu nthawi ya chithunzi ndi nthawi ya vidiyo. Ngozi yaikulu ili posintha, chifukwa makamera ena amatengera shutter ndi ISO ya zithunzi kupita nayo ku vidiyo. Gwiritsani ntchito malo osungira makonzedwe, omwe pa makamera ambiri amalembedwa C1, C2 kapena U1, U2: amodzi a zithunzi za RAW, ena a vidiyo ya 25 pa 1/50, enanso a 50 pa 1/100. Pobwerera ku zithunzi kumbukirani kuchotsa ND, apo ayi ISO idzakwera popanda chifukwa.

Kaganizidwe nakonso kamasintha. Chithunzi mutha kuchidula pambuyo, choimirira kapena chogona, koma vidiyo muyenera kudziwiratu ngati ikupita pa sikirini yogona ya 16:9 kapena ya foni ya 9:16. Chala chozolowera zithunzi chimafulumira kuimitsa. Yambani kujambula masekondi atatu zinthu zisanayambe, gwirani chilichonse masekondi osachepera 10, ndipo musiye ena atatu kumapeto. Chochitika chimodzi chijambuleni patali, pakatikati ndi pafupi kuti wodula akhale ndi zosankha. Anthu awiri akamalankhulana, khalani mbali imodzi ya mzere wowalumikiza. Mukaoloka, pa sikirini onse adzaoneka ngati akuyang'ana kumodzi.

Kadontho ka fumbi pa chithunzi kamachotsedwa ndi kudina kumodzi, koma pa vidiyo kamakhala pa zithunzi 1500 mphindi iliyonse. Musanapite kokajambula, tolani chithunzi cha khoma loyera pa f/16 ndipo muchikuze pa sikirini. Mukaona madontho, yang'anitsani kamera pansi ndi kupemerera sensa ndi kampira kopopera mpweya, osati pakamwa kapena ndi mpweya wa m'chitini. Mukabwerako, koperani khadi lonse mmene lilili ndi mafoda ake, chifukwa makamera ena amasunga vidiyo kwina ndi zithunzi kwina. Makope akhale pa zipangizo ziwiri zosiyana, ndipo mutsegule mafayilo angapo kuti mutsimikize kuti akusewera. Mukatero m'pamene mungafufute khadi, ndipo muchite zimenezi m'kamera momwe lidzagwire ntchito, osati pa kompyuta.